Mafunso ndi mayankho: kuika bias pa mathiranzisita otchereka ndi magetsi

Tsamba lino ndi la amisiri ndi ophunzira zamagetsi amene akuidziwa kale MOSFET, koma akufuna kugwiritsa ntchito mathiranzisita a floating gate m'maseketi a analogi. Ziwerengero za kapasitansi zimene zili m'zitsanzo ndi zongofotokozera. Za chipangizo chanu muzitenga m'datasheet kapena muziyeze nokha.

Kodi thiranzisita yotereyi ikusiyana pati ndi MOSFET wamba?

Ili ndi gate imene siinalumikizidwe ndi waya uliwonse. Gate imeneyi, floating gate, yazingidwa ndi oxide mbali zonse, ndipo voteji ya kunja imaifika kudzera mu kapasita basi. Maelekitironi akalowamo sapeza potulukira, ndiye chaji yawo imasuntha threshold ya thiranzisitayo n'kukhala pomwepo ngakhale magetsi atazimitsidwa. Anayamba kuilongosola ndi Dawon Kahng ndi Simon Sze ku Bell Labs mu 1967, ndipo memori ya EPROM, EEPROM ndi flash inachokera pomwepa. Mu memori timangofuna kudziwa ngati chaji ilipo kapena palibe. Mu analogi timafuna kuchuluka kwake kwenikweni. Pa kapasitansi ya 100 fF, elekitironi imodzi imasuntha floating gate ndi 1.6 µV, choncho 1 mV ndi maelekitironi 625 okha.

Mungaipeze m'njira ziwiri. Ena amaipanga okha mkati mwa chipi, monga momwe Intel inachitira ndi chipi ya analogi ya neural network yotchedwa ETANN mu 1989, kapena gulu la Carver Mead ku Caltech, ndiponso ma FPAA (machipi a analogi amene seketi yake imakonzedwa ndi pulogalamu) a ku Georgia Tech. Ena amagula yopangidwa kale: kampani ya Advanced Linear Devices ya ku Sunnyvale, California, imagulitsa mathiranzisita otere pa dzina la EPAD. ALD1108E ndi ALD1110E amabwera ndi threshold ya 1 V ndipo mumaikweza nokha mpaka cha m'ma 3 V, pamene ALD110800 anaitchereratu kufakitale kuti threshold yake ikhale 0 V.

Ngati chaji yasungidwa kale, seketi ya bias ndi yachiyaninso?

N'chifukwa chakuti chimene chasungidwa ndi chaji, osati karenti. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Voteji ya pa floating gate imachokera ku zinthu zingapo nthawi imodzi: chaji yosungidwayo, voteji ya control gate (gate ya kunja imene imafika pa floating gate kudzera mu kapasita), ya drain, ya source, ya substrate, ndi ya waya wa tunnelling (wochotsera chaji) ngati ulipo. Chilichonse mwa izi chimakoka floating gate molingana ndi kukula kwa kapasitansi yake poyerekeza ndi kapasitansi yonse. Chaji ikhoza kukhala yosasuntha kwa zaka, koma drain ikangosuntha, karenti yasuntha kale.

Vutoli limakula chifukwa mathiranzisitawa amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'subthreshold (voteji ya gate isanafike pa threshold), momwe karenti imakhala ya ma pA mpaka ma nA mazana angapo. M'menemo karenti imakwera kakhumi pa 70 mV mpaka 100 mV iliyonse ya pa gate (malire amene sangadutsidwe pa 27 °C ndi 60 mV). Titenge 100 mV: kulakwitsa ndi 10 mV yokha kukusintha karenti ndi 26 peresenti. Ndiye ntchito ya seketi ya bias ndi kugwira miyendo yonse ya thiranzisita pa voteji yodziwika, yomweyomweyo imene inalipo pamene mumaitchera, ndi kuchepetsa mphamvu ya kutentha pa karenti.

Chaji imalowa bwanji, imatuluka bwanji?

Pakati pa silikoni ndi oxide pali mpanda wa pafupifupi 3.1 eV. Njira zoudutsira ndi ziwiri.

Yoyamba ndi hot-electron injection. Thiranzisita ikamadutsa karenti pamene voteji ya pakati pa source ndi drain ili yokwera, maelekitironi ena amapeza mphamvu yokwanira kudumpha mpandawo n'kugwera pa floating gate. Pa pFET ya 0.35 µm izi zimayamba kuoneka bwino voteji imeneyi ikapitirira 4 V mpaka 5 V, n'chifukwa chake Vdd (voteji ya magetsi oyendetsera chipi) imakwezedwa kufika cha m'ma 6 V pa nthawi yotchera. Injection imangowonjezera maelekitironi. Pa pFET karenti imakwera. Pa nFET, monga EPAD, threshold imakwera ndipo karenti imatsika.

Yachiwiri ndi tunnelling ya Fowler-Nordheim, imene imachotsa maelekitironi. Imafuna pafupifupi 10 MV/cm pa oxide, ndiye pa oxide ya 7 nm mpaka 8 nm waya wa tunnelling umakwezedwa cha m'ma 12 V. Popeza voteji yotereyi ndi yovuta kuisankhira thiranzisita imodziimodzi, ambiri amaigwiritsa ntchito pofufuta onse pamodzi, kenako n'kutchera iliyonse ndi injection. Chipi yongochoka kufakitale imakhala ndi chaji yosadziwika pa floating gate iliyonse, choncho kufufuta ndiye ntchito yoyamba.

Ndi seketi iti yosavuta imene ndingayambire?

Yambani ndi thiranzisita yolumikizidwa ngati dayodi: gate ndi drain pamodzi, source pansi, rezisita kuchokera ku magetsi kufika pa drain. Tinene kuti magetsi ndi 5 V, threshold mwaitchera pa 1.5 V, ndipo mukufuna karenti ya 10 µA. Pa rezisita padzagwa pafupifupi 3.4 V, ndiye 330 kΩ ikukwana. Voteji ya pa drain idzakhala pamwamba pang'ono pa 1.5 V ndipo idzatsatira threshold kulikonse kumene mwaisunthira. Ubwino wake ndi wakuti karenti ikulamulidwa ndi rezisita, thiranzisita ikungosankha voteji. Mukalumikiza gate ya thiranzisita yachiwiri pa mfundo yomweyo, mwapeza current mirror imene kukula kwa karenti yake yotuluka kumatcheredwa ndi kusiyana kwa ma threshold awiriwo. Awiriwo akhale a m'phukusi limodzi kuti azitenthera limodzi.

Ngati mukufuna gwero la karenti la miyendo iwiri, tengani thiranzisita ya threshold ya pansi pa ziro, monga ALD114804 ya −0.4 V. Gate ipite pansi, rezisita ikhale pakati pa source ndi pansi. Threshold ya zipangizo zimenezi amaiyezera pa 1 µA, choncho 390 kΩ ikupatsani karenti ya pafupi ndi 1 µA. Pofuna 100 nA, voteji ya pa rezisita imakwera kufika cha m'ma 0.5 V ndipo 4.7 MΩ ndiyo yoyambira. Masamuwa sadzagwirizana ndendende ndi mita, chifukwa source ikakwera pamwamba pa substrate threshold imakweranso pang'ono. Koma taonani phindu la rezisitayo: threshold ikasuntha ndi 10 mV, karenti ya 1 µA isintha ndi 2 peresenti ndi pang'ono, osati 26.

Chimene sitilimbikitsa ndi kugawa voteji ndi marezisita awiri n'kuipereka pa gate, source ili pansi mwachindunji. Pamwamba pa threshold mwina n'kupirira nazo. M'subthreshold batire ikangotsika pang'ono, karenti yapita.

Musaiwale miyendo ya V+ ndi V− ya phukusi la EPAD. V− ndi substrate, iyenera kukhala pa voteji yotsika kuposa mfundo ina iliyonse, apo ayi dayodi ya mkati iyamba kudutsa karenti. Magetsi asapitirire 10 V.

Ndinatchera bwinobwino, koma nditaiika m'seketi karenti yasintha. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri ndi drain. Pa MOSFET wamba, kapasitansi ya pakati pa gate ndi drain siisintha karenti ya DC chifukwa gate yagwiridwa ndi waya. Pa floating gate palibe choigwira. Tinene kuti kapasitansi yonse ndi 100 fF ndipo ya ku drain ndi 2 fF. Drain ikasuntha ndi 1 V, floating gate isuntha ndi 20 mV, ndipo m'subthreshold izi zikhoza kukweza karenti ndi 70 peresenti. Mukayang'ana gilafu ya karenti ndi voteji ya drain, m'malo mogona chafulati imangokwerabe. Gain ya amplifaya imatsikira pomwepo.

Mankhwala ake alipo atatu, ndipo oyamba ndiwo odalirika. Ikani cascode: thiranzisita wamba pamwamba pa drain, gate yake ili pa voteji yokhazikika, kuti drain ya floating gate isamve kusuntha kwa output. Siyani malo okwanira, chifukwa m'subthreshold thiranzisita iliyonse imafuna osachepera 100 mV pakati pa drain ndi source kuti ikhale mu saturation. 150 mV mpaka 200 mV ndi yabwinoko. Ngati mukupanga chipi yanu, kulitsani kapasita ya control gate kuti gawo la drain lichepe, ngakhale izi zimadya malo ndipo zimachedwetsa kutchera. Kachitatu, poyeza karenti pa nthawi yotchera, drain ikhale pa voteji imene idzakhalepo pogwira ntchito. Amplifaya ya transimpedance imathandiza apa chifukwa imagwira drain pamalo amodzi uku ikuyeza.

Waya wa tunnelling nawonso umakoka. Mukawerenga karenti waya umenewu usanabwerere pa voteji yake ya masiku onse, mukuwerenga zabodza. Ukatha ntchito ubwezedwe pa voteji imodzi yokhazikika, kawirikawiri Vdd, ndipo usasiyidwe lendelende.

Nanga kutentha?

Floating gate siichiritsa vuto la kutentha ayi. Threshold imatsika ndi 1 mV mpaka 2 mV pa digiri iliyonse, ndipo voteji ya kT/q, imene ndi 26 mV pa 27 °C, imakwera limodzi ndi kutentha. Bokosi la zipangizo likatentha ndi madigiri 20 masana, thiranzisita imene gate yake yangogwiridwa pa voteji yokhazikika ikhoza kuwirikiza karenti yake kawiri. Ngati karentiyo ndi imene ikusankha frequency ya fyuluta, fyulutayo yasamuka.

Njira yabwino ndi kusapereka voteji yokhazikika pa control gate. Tengani thiranzisita ina ya floating gate, yofanana kukula, muilumikize ngati dayodi, muidutsitse karenti yodziwika, ndipo voteji imene yatuluka ndiyo ipite ku ma control gate a ena onse. Threshold ikatsika, imatsika pa onse, ndipo kusinthako kumafafanizika kwambiri.

Koma sikufafanizika konse, ndipo izi ambiri sazidziwa. Kusiyana kwa ma threshold ndi voteji yokhazikika, pamene kT/q ikusintha. Mirror imene mwaitchera kuti izichulukitsa karenti ka 10 pa 27 °C idzachulukitsa ka 8.1 pa 57 °C. Imene ili pa 1 kwa 1 siisuntha. Choncho karenti ya thiranzisita yotsogolerayo muisankhe pakatikati pa makarenti amene mukufuna, ndipo ngati ena ali pa 1 nA ena pa 100 nA, agaweni m'magulu awiri, lililonse ndi yotsogolera yake. Pa mafyuluta a Gm-C (amene frequency yawo imadalira transconductance, gm, ndi kapasita) karenti yotsogolera ikhale yokwera limodzi ndi kutentha, ya PTAT, chifukwa gm ndi karenti yogawidwa ndi kT/q.

Pamwamba pa threshold pali karenti imodzi imene kutsika kwa threshold ndi kuchepa kwa mobility zimalipsirana, ndipo voteji ya pa gate siisintha ndi kutentha. Ma datasheet a EPAD amaitchula. Ngati mukupanga voteji yoyezera ndi seketi ya dayodi ija, sankhani rezisita yoti ikufikitseni pamenepo, bola batire ilole ma µA makumi angapo.

Ndondomeko yotchera ndi yotani?

Pa gulu la ma pFET mkati mwa chipi, imayenda motere:

1. Chotsani thiranzisita m'seketi yake ndi maswitchi a mkati, drain ipite ku waya woyezera.
2. Fufutani onse ndi tunnelling mpaka karenti ya iliyonse itsike pansi pa yochepetsetsa imene mukufuna.
3. Yezani karenti pa Vdd ya masiku onse.
4. Kwezani source, gate ndi drain limodzi, pang'onopang'ono, kufika pa voteji yotcherera. Drain ikatsalira m'mbuyo, injection yayamba musanakonzeke.
5. Tsitsani drain yokha kwa kanthawi kodziwika, kuyambira 10 µs kufika ma ms ochepa, kenako muibweze.
6. Tsitsani zonse limodzi, dikirani karenti ikhazikike, yezaninso.
7. Bwerezani, koma mukamayandikira pamene mukufuna, chepetsani voteji ya pulse.

Gawo la 7 ndi limene limagwetsa anthu. Pa pFET ya m'subthreshold, injection imakweza karenti, ndipo karenti yokwera imafulumizitsa injection. Pulse imene inasuntha karenti pang'ono pa 100 pA idzaisuntha kwambiri pa 10 nA. Zili ngati kuthira mchere m'ndiwo: kuwonjezera n'kosavuta, koma ukapyola palibe chochotsera. Mukapyola, mufufutanso gulu lonse n'kuyambira pachiyambi. Ena amathetsa izi poika amplifaya imene imagwira karenti ndi voteji ya floating gate pamalo amodzi pa nthawi ya injection, n'kumasuntha control gate m'malo mwake. Pamenepo pulse iliyonse imaika chaji yofanana.

Pa EPAD yogula nkhani ndi yolimbirapo, chifukwa threshold imangokwera ndipo simungaibweze. Imani pansi pang'ono pa pamene mukufuna, yezani m'seketi yeniyeni, kenako malizani. Ngati mukufuna kusuntha mbali zonse ziwiri, monga pochotsa offset ya amplifaya, gwiritsani ntchito awiri: kukweza wina kukankhira uku, kukweza mnzake kukankhira uko.

Ndikatchera imodzi, zoyandikana nazo zikusunthanso. Chifukwa chiyani?

Injection imafuna zinthu ziwiri pamodzi: karenti m'thiranzisita ndi voteji yokwera pakati pa source ndi drain. Kusankha thiranzisita imodzi m'gulu kumadalira pamenepa. Amene akugawana waya wa drain ndi yosankhidwayo, ma gate awo apite ku Vdd yokwezedwa ija kuti asadutse karenti. Amene akugawana waya wa gate, ma drain awo apite ku Vdd kuti pasakhale voteji. Zikasokonekera, fufuzani ngati Vdd imene maswitchi akupereka ndi yokwezedwa kapena ya masiku onse. Fufuzaninso thiranzisita imene inatcheredwa kwambiri moti imadutsabe karenti ngakhale gate ili pa Vdd. Yotereyi imapitiriza kulandira maelekitironi ndiponso imasokoneza muyezo wa anzake onse a pa waya womwewo.

Kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi nakonso kumatchera mwakabisira. Regulator ikadumpha kufika 5 V kapena 6 V poyatsa, ma drain ali pansi, ndiye kuti mwapereka pulse ya injection. Sizioneka tsiku limodzi, koma pakapita miyezi karenti imapezeka itakwera. Yang'anani Vdd ndi oscilloscope pa nthawi yoyatsa, ndipo charge pump ya voteji yotcherera ikhale yozimitsidwa, kapasita yake itatsitsidwa, nthawi zonse pamene simukutchera.

Ndingayeze bwanji ma nA popanda kusokoneza seketi?

Malitimita wamba ili ndi 10 MΩ. Mukaigunditsa pa mfundo ya 1 V imakoka 100 nA, mwina kuposa karenti yonse ya seketi yanu. Ikani op-amp ya CMOS ya karenti yolowa ya ma pA ngati buffer, muyeze kuseri kwake. Poyeza karenti, transimpedance ya 10 MΩ imapereka 10 mV pa 1 nA iliyonse. Ya 100 MΩ imapereka 100 mV, koma imachedwa kukhazikika.

Probe ya oscilloscope ili ndi 10 pF mpaka 15 pF. Differential pair ya 1 nA ili ndi gm ya pafupifupi 13 nS, ndipo ndi kapasita ya 1 pF imapereka fyuluta ya cha m'ma 2 kHz. Mukaikapo probe, yatsikira pansi pa 200 Hz, 10 MΩ ya probe yomweyo tisanaiwerengere n'komwe.

Ndiye pali bolodi. Flux yotsalira ikayamwa chinyezi ikhoza kupanga njira ya 1 GΩ pakati pa miyendo iwiri, ndipo pa 5 V imeneyo ndi 5 nA. Chizindikiro chake n'chakuti mukapumira mpweya pa bolodi nambala ya pa mita imathamanga, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono. Tsukani ndi isopropyl alcohol ndi kaburashi, umitsani bwino, ndipo zingani mfundo zosachedwa kusokonezekazo ndi guard ring ya voteji yofanana nazo. Breadboard siyenera pa ntchito imeneyi.

Chaji ikhalapo nthawi yaitali bwanji?

Pa oxide yokhuthala 7 nm kapena kuposa, zaka 10 ndi zimene makampani amalonjeza kawirikawiri. Oxide ikapyapyala kufika pansi pa 5 nm, maelekitironi amayamba kudutsa okha, n'chifukwa chake pa machipi amakono floating gate imapangidwa ndi mathiranzisita a I/O a 2.5 V kapena 3.3 V. Pojambula chipi, pewani kulumikiza floating gate ndi diffusion iliyonse, ngakhale dayodi yoteteza. Chaji idzathera pomwepo.

Mukangomaliza kutchera pamakhala kusuntha pang'ono, chifukwa maelekitironi ena amene anakodwa mu oxide amamasuka. Pa ntchito yofuna kulondola kwambiri, yezaninso pakapita maola angapo n'kumalizitsa. Tcherani mutawotcherera kale chipangizo pa bolodi, chifukwa kutentha kwa solder ndi kupanikizika kwa phukusi zimasuntha threshold. Kuwala kwa UV kumafufuta chipi yosavindikira. X-ray nayonso imasuntha chaji: ma datasheet a Intersil a ISL60002 ndi ISL21009, zipangizo zopereka voteji yoyezera zimene zimadalira floating gate, amachenjeza za makina a X-ray oyendera mabolodi kufakitale.

Kodi pali pamene thiranzisitayi imadziikira yokha bias?

Alipo, ndipo chitsanzo chooneka bwino ndi ma supercapacitor olumikizidwa mondondozana. Awiri a 2.7 V akakhala pa 5 V, amene akudontha karenti yochepa kuposa mnzake amakwera voteji mpaka kupyola malire ake. ALD810025 ili ndi threshold ya 2.5 V pa 1 µA. Mumaika thiranzisita imodzi pa kapasita iliyonse, yolumikizidwa ngati dayodi, popanda rezisita. Kapasita ikakwera ndi 100 mV, thiranzisita yake imakoka karenti yochuluka pafupifupi kakhumi n'kuitsitsa, pamene ya mnzake, imene yatsika ndi 100 mV, imatsala pang'ono kutsekeka. Kukwera kwa karenti kwa m'subthreshold, kumene kumavutitsa m'maseketi ena, apa ndiko kukugwira ntchito. Posankha nambala ya chipangizo, gawani voteji yonse ndi chiwerengero cha makapasita, muone karenti imene thiranzisita ikoke pa voteji imeneyo, ndipo ikhale yoposa kudontha kwa kapasita yoipitsitsa pa kutentha kwakukulu kumene bokosi lidzafike.

Ndi liti pamene kuli bwino kungogwiritsa ntchito DAC (chipi yosandutsa nambala kukhala voteji) kapena trimmer (rezisita yotchera ndi sikuludiraiva)?

Ngati muli ndi mfundo imodzi kapena ziwiri zofuna kutchera, magetsi alipo okwanira, ndipo mudzafuna kusintha kawirikawiri, DAC ndi microcontroller sizikuvutitsani. Tunnelling ndi injection zimakalambitsa oxide pang'onopang'ono, choncho sizoyenera chinthu chosinthidwa mphindi iliyonse. Floating gate imapambana pamene mfundo zili mazana kapena zikwi pa chipi imodzi, pamene batire siingalole DAC yoyaka usana ndi usiku, kapena pamene bolodi idzamatidwa mu epoxy ndipo sikuludiraiva singafikenso pa trimmer. Pa bolodi yotereyo tulutsirani kunja miyendo yotcherera musanathire epoxy, ndipo mutchere itauma kale, chifukwa ikamauma imapanikiza phukusi n'kusuntha offset.